Liwu Limene Linawoloka Theka

Pabanja pathu palibe wa mutu wosunga zinthu ngati ine. Ndimakumbukira duku limene anavala mzamba tsiku limene ndinabadwa, ndi zimene ananong'oneza mnzake ataona kukula kwa makutu angawa. Chabwino, limenelo ndi bodza. Dzana lomweli ndinatembenuza nyumba yonse kufunafuna magalasi ali pamphuno. Wosunga zinthu weniweni ndi mwana wa malemu mlongo wanga, amene ndinamutcha Kachete chifukwa mawu amawatulutsa ngati amachita kugula.

Kachete amagwira ntchito kunyumba ina youlutsira mawu, koma liwu lake simudzalimva pa wailesi. Malo ake anali chipinda chapansi, chopanda zenera, chozizira moti ndinkamuchenjeza kuti tsiku lina adzatulukamo atauma ngati nsomba ya mufiriji. Mmenemo munali makina osunga mapologalamu onse akale: nkhani, masewero, mauthenga a maliro, moni wa omvera. Ntchito yake inali kuonetsetsa kuti chilichonse cha m'chipindamo chakoperedwa ku makina ena, mumzinda wakutali, pamalo okwera, kuti moto kapena madzi akawononga kuno, uko kutsale.

Vuto linali njira. Intaneti yolumikiza malo awiriwo inali yowonda ngati khosi la udzudzu. Makinawonso anali ndi uchitsiru wake: pologalamu ikasinthidwa pang'ono, ankaitumizanso yonse kuyambira pachiyambi. Kanyimbo kotsegulira nkhani kankawoloka mobwerezabwereza, zinthu zina zikungodikira pakhomo. Kachete anakhala pansi, majuzi awiri pathupi, nakonza zakuti fayilo iliyonse izidulidwa tizidutswa, ndipo makina akuno azifunsa akutaliwo ngati kachidutswa kakutikakuti ali nako kale. Akavomera, kasapitenso. Ntchito imene ikanadikira zidzukulu zake inayamba kuoneka mapeto. Kenako anaika zonse pamzere: patsogolo nkhani ndi masewero, pakati mauthenga a maliro, ndipo kumchira moni wa omvera, chifukwa ndi wochuluka ndipo palibe amaufunsa.

Kumchirako n'kumene kunali liwu la mayi ake. Mlongo wanga anaimbapo foni ku wailesiyo kamodzi kokha, Kachete ali kamwana, ndipo palibe kwina kulikonse kumene liwu lake linajambulidwa. Kachete analipeza mwangozi. Kuyambira pamenepo, masana anzake akatuluka kukadya, iye ankatsala, n'kuvala zomvetsera m'makutu, manja ali pachifuwa.

Ine sindinalimvepo, pakuti alendo saloledwa kutsika masitepe amenewo. Ndinamuuza kuti alikopere mufoni. Anati za m'chipindamo sizitulukira m'thumba la munthu, ndipo ndiye amene amakalipira anzake pa lamulo limenelo. Ndinati ndiye alikankhire kutsogolo kwa mzere, angadziwe ndani? Anandiyang'ana mmene ankandiyang'anira mayi ake.

"Malume, liwu lililonse pamzerepo lili ndi mwana wake kwinakwake. Lidzawoloka nthawi yake ikakwana."

Mvula ya chaka chimenecho sinadikire nthawi ya munthu. M'mawa wina ngalande ya kuseri kwa nyumbayo inatsekeka, madzi nayamba kutsika masitepe pang'onopang'ono ngati mlendo wamanyazi. Makinawo anali okhomeredwa pansi ndi mabawuti, osanyamulika. Wokonza magetsi anaima pakhomo n'kunena kuti madzi akangoyandikira masoketi azimitsa zonse, ndipo safuna kutulutsa mtembo m'chipindamo.

Kachete anayang'ana pakompyuta. Nkhani zinali zitawoloka, masewero atawoloka, mauthenga a maliro onse ali kutsidya. Mzere unali utafika pa moni wa omvera, koma moni wa chaka chimene mayi ake anaimba foni unali ukadali pansi pa mzerewo. Madzi anamulowa m'nsapato. Anaima dzanja lili pamwamba, akuona moni wa anthu osawadziwa ukuwoloka umodziumodzi: wina kupatsa moni mkazi wake kuchipatala, wina ana ake kusukulu. Wamagetsi anamuitana. Anamuitananso, tsopano mokalipa. Apo m'pamene Kachete anachita chimene anakana miyezi yonseyo: anakoka fayilo ya mayi ake n'kuiika patsogolo. Tizidutswa tinayamba kupita. Kenako chipinda chinada bii, ndipo wamagetsi anamukokera kumasitepe.

Madzi ataphwa, makinawo anali matope okhaokha. Akatswiri anayesa kuwaumitsa koma sanadzuke. Akuluakulu a wailesi anamugwira chanza Kachete, chifukwa pafupifupi zonse zinali bwinobwino kumzinda wakutali uja. Iye anangogwedeza mutu, n'kukafufuza fayilo imodzi. Anapeza kanyimbo kotsegulira pologalamu, muulutsi akulandira foni, mpweya wa munthu wokonzekera kulankhula, ndi mawu awiri: "Halo, mukundimva?" Zotsatira zake zinatsala m'matope.

Lamlungu lotsatira anabwera kwathu. Anakhala pampando wa pafupi ndi zenera, umene ankakonda mayi ake, nandifotokozera zonsezi osagwetsa msozi, akupotokola ulusi wa juzi. Tiyi anazizira m'kapu. Anati chimene chikumuopsa n'chakuti m'mutu mwake liwulo layamba kale kufanana ndi la iye mwini.

Mtima unandiwawa, ndipo ine mtima ukandiwawa pakamwa pamatseguka pokha. Ndinamuuza kuti asadandaule, tsiku limene mayi ake anaimba foni ine ndinali pafupi ndi wailesi, khutu lililonse ngati lichero, ndipo ndinasunga mawu onse. Ndinakonza kukhosi, n'kuchepetsa liwu. Ndinati mlongo wanga anapereka moni kwa mwana wake wamkazi, wokongola kuposa ana onse a mumzindawo, amene adzakule n'kusunga mawu a dziko lonse. Ndinawonjezera kuti muulutsi analira, ndipo pologalamu inaima kaye.

Kachete anandisiya mpaka ndinamaliza. Pakona pa mlomo wake panagwedezeka pang'ono, koyamba chigwereni mvula ija.

"Malume, amayi sananditchule n'komwe ine. Uthenga wonse unali wa inu. Anati aliyense amene waona mchimwene wanga wa makutu aakulu amuuze abwerere kunyumba, koma asakhulupirire chilichonse chimene angamuuze panjira."