Khanda la Dawuni Lopalasa Njinga Chogona

Dawuni ankakonza njinga pansi pa mtengo wa nimu, kuseri kwa msika wa Tamale. Anali munthu wa pakamwa. Wobwera ndi tayala lophwa ankachoka atadziwa mayina a mbuzi zake zonse.

Mkazi wake Sanatu atabereka mwana wamkazi, pakamwapo panachita kunyanya. Khandalo lisanapatsidwe n'komwe dzina, Dawuni analiona likupalasa timiyendo m'mwamba, kena kutsika kena kukwera, ndendende munthu ali pa njinga. Anajambula pa foni, n'kumaonetsa aliyense kuti ntchito yake yapeza wolowa m'malo.

Ambiri ankaseka. Amene sanaseke ndi mlamu wake Azara, namwino, yemwe anabwera kudzapopetsa tayala. Anaonera kawiri, n'kufunsa ngati mwanayo akuyamwa bwino. Dawuni anati amayamwa mwaulemu, sali ngati a kuchikazi.

Azara anati, "Alamu, tsekani bokosi la zitsulolo. Tiyeni kunyumba."

Atafika anadikira pang'ono, kupalasa kuja n'kuyambanso. Azara anagwira timiyendoto mofatsa, koma sitinaleke, tinkagundabe m'manja mwake. Maso a khandalo anali atapenya kumbali osaphethira, milomo ikutafuna popanda bere. Anawauza kuti khanda longonjenjemera limasiya ukaligwira, koma ili likukomoka. Makanda sagwa n'kumaphupha ngati akuluakulu, n'chifukwa chake anthu sazindikira.

Dawuni anangoti kukamwa yasa. Sanatu anati aka n'koyamba chikwatirane kumuona mwamuna wake alibe mawu, koma ananena misozi ili m'maso.

Kuchipatala anatenga kadontho ka magazi kuchidendene kwa mwanayo, n'kupeza kuti shuga watsika kwambiri chifukwa chosayamwa mokwanira. Anamuika diripi, kenako anamata timawaya pamutu kuti aone mmene ubongo ukugwirira ntchito. Sanatu atamva kuti zinthu zikuyenda, anaseka nati mwana wamangidwa tsitsi asanamere.

Dokotala anaitanitsa foni ija, nati kanemayo wawathandiza. Dawuni mawu anabwerera pompo. Panjira yonse ankafotokoza kuti iye anaona kalekale kuti pali vuto.

Mwambo wa dzina unachedwa, nkhosa yodzapha pamwambowo inangonenepa pachingwe. Mwana anamutcha Wumbei. Tsikulo Azara anapatsidwa ntchafu yonse ya nkhosayo, ndipo Dawuni, amene ankaifuna yekha, anainyamula n'kukamuikira m'dengu.