Galasi Loyang'ana Kukhoma

Amayi ena, amene ankavina pa utsikana wawo, samanga tsitsi la mwana wa mwini. Amangokhala pampando n'kumalamula.

Bambo wina woyandikana nawo nyumba anawadandaulira kuti akamanga tsitsi la mwana wake wovina, limamasuka gule ali pakati.

"Manja anuwo ndi oumbira njerwa, bambo. Iwe mwana, bwera kuno."

Anatembenuzira galasi kukhoma. "Kuseri kwa siteji galasi amalanda akuluakulu. Pota, zunguliza ngati nkhata, baya pini. Zala zakozo ndiye maso."

Mtsikanayo anayesa koma tsitsi linamasuka; analira, n'kuyambiranso.

Tsiku la chionetsero bamboyo anachedwa kuntchito. Analowa muholo ali wefuwefu, chipeso chobwereka chili m'manja, n'kupeza mwana akuvina kale, kankhata komanga yekha kali nganganga.

Pobwerera anagogoda kwa amayiwo kuti awathokoze.

"Ndamva, bambo," anatero amayiwo akumwetulira. "Bwezani chipeso changacho."