Koleji Imene Inatipeza M'chigafa

Linali Loweruka loyamba la mwezi wa Meyi, chaka chimene ndinali Fomu 4. Ine ndi amayi tinali m'chigafa kusankha fodya pamene panatulukira mwamuna wina wa tayi pa njinga yamoto. Zonsezi ndinazilemba m'kope limene ndinkabisa pansi pa mphasa, n'chifukwa chake ndimakumbukira ngakhale nsapato zake zosongoka zimene zinafiira ndi fumbi la kwa Lukwa.

Anati wachokera ku koleji ina ya mumzinda, yosakhala ya boma. Anayala mapepala onyezimira pamwamba pa belo. Pamapepalapo panali atsikana ovala mikanjo, onse akumwetulira.

"Ife sitidikira zotsatira za mayeso, achikulire," anauza bambo anga, amene anali atangolowa m'chigafamo. "Mukangolipira malo sabata ino, mwanayu ndi wathu."

"Ndiye kuti ili ngati kontirakiti ya fodya?" anafunsa bambo.

"Eyaa! Mwamva msanga kuposa aphunzitsi."

Bambo anaseka mpaka kutsokomola. Iwo analima fodya wa pangano zaka zambiri. Kampani imakulemba dzina, imakupatsa feteleza, ndipo pamapeto imabwera kudzagula fodya wako. Kwa iwo, wokulemba ndi yemwenso amadzakugula. Anangoona kuti koleji ikandilemba, ntchito yapezeka kale. Mlendoyo sanawawongole.

Atapita, bambo anati, "Amayi ake, fodyayu sanafike kumsika, ndiye tigulitsa ng'ombe. Wogula ndimuitana abwere Lachiwiri."

"Nanga ngolo azikoka ndani? Inuyo?" anatero amayi, osakweza mutu.

"Mwana wanu adzagula galimoto. Mudzakhala kutsogolo, mutavala duku latsopano."

"Ine duku ndili nalo. Msana ndiye ndilibe wina."

Ine nditamva zimenezo ndinasakaniza masamba ofiira ndi oyera. Panali chinthu chimene ndinkachidziwa ndekha. Mwana wa azakhali anga, amene ndimamutcha achemwali, anaphunzira pa koleji ya mtundu womwewo. Chithunzi chake cha mkanjo chili pakhoma mpaka lero. Tsiku lina akundiluka tsitsi anandinong'oneza kuti kulikonse kumene amapita ndi pepala lake amamuuza kuti kolejiyo siili pa mndandanda wa zovomerezeka ndi boma. Anandilumbiritsa kuti ndisauze munthu, popeza azakhali ankalengeza kumpingo konse kuti mwana wawo akungodikira kalata ya ntchito.

Ndikanena, ndiyalutsa achemwali. Ndikakhala chete, ng'ombe zipita. Ndipo ine sindinatsutsepo bambo chibadwire; ngakhale sopo ndinkapempha kudzera mwa amayi.

Choopsa china chinali mwa ine ndemwe. Ndinkaufuna mkanjo uja. Masamu ankandivuta, ndipo ndinkaopa kuti mayeso akatuluka dzina langa silidzaoneka pa koleji ya boma iliyonse, ndidzakalamba ndi phula la fodya m'zala. Ndinkadziwanso kuti si makoleji onse otere amene ali achinyengo, pakuti mphunzitsi wathu wa Chingerezi, mayi wodekha amene ankaimba kwaya kumpingo kwathu, anaphunzira pa ina ndipo boma linawalemba ntchito. Koma yabwino ndi yoipa ungazisiyanitse bwanji, zonse zili ndi mapepala onyezimira?

Dzuwa litapendeka ndinapita kukhola kukathira madzi m'chomwera. Ng'ombe yathu yakuda inandinyambita mkono, ine n'kuyamba kulira ngati mwana. Nditabwerera m'chigafa ndinapeza bambo akuonetsa mapepala aja kwa anzawo awiri. Limodzi linagwera pansi. Ndinaliponda ndi phazi mpaka onse atatuluka, kenako ndinalitola.

Ndinakhala kuseri kwa nkhokwe n'kulemba m'kope muja: "Mawa tikaweruka kutchalitchi ndiwadikira aphunzitsi a Chingerezi pakhomo. Ndiwaonetsa pepalali kuti afufuze pa foni yawo ngati kolejiyi ili pa mndandanda. Za achemwali sinditchula. Ngati palibe, ndigwada, ndiwapemphe abwere kunyumba adzalankhule ndi bambo Lachiwiri lisanafike."