Chifuwa Chimene Ndinameza ku Kabulonga

Tinanyamuka ku Kabwata dzuwa lisanatenthe, ine ndi amuna anga Che Bwanali, m'galimoto yathu yakuda imene anaipukuta dzulo lake mpaka ine kuchita nayo nsanje. Anali masiku a Chitaganya, mwezi wa Okutobala, nthawi imene fumbi la Lusaka limalowa ngakhale m'botolo lotseka. Tinkapita ku khonsolo ya tauni kukakonzetsa laisensi ya takisi. Chaka ndi chaka dalaivala ankayenera kuonetsa chikalata cha dokotala, kenako n'kuyendetsa galimoto pamaso pa woyesa, kuti zidziwike ngati akadali woyenera kunyamula anthu. Wolephera ankamulanda baji ya udalaivala wa takisi. Ndipo kanyumba kathu kozungulira kofolera udzu kanali ka khonsolo yomweyo, moti munthu akakhala wopanda ntchito sankachedwa kuuzidwa kuti atulukemo. Tinali ndi ana anayi, onse obadwira m'Lusaka, osadziwa n'komwe njira ya kwathu ku Nyasalande.

Vuto linali limodzi, ndipo tinkalidziwa awiri tokha. Diso lakumanzere la amuna anga linali litachita ng'ala, ndipo kumanzereko ndi kumene kumayenda anthu apansi ndi apanjinga. Kwa dokotala anadutsako mwaukathyali. Atauzidwa kuti atseke diso labwinolo ndi dzanja, anasiya kampata pakati pa zala, n'kuwerenga zilembo zonse ngati mphunzitsi. Za pamsewu ndizo zinafuna ine. Pa mayeso pankafunika munthu wokhala kumbuyo ngati wokwera, kuti woyesa aone mmene dalaivala amalandirira anthu, ndipo madalaivala ankangotenga abale awo. Ndiye tinapangana kuti ine ndikhale kumbuyo chakumanzere. Ndikaona chinthu m'mbali mwa msewu nditsokomole kamodzi, iwo achepetse liwiro n'kusendera pakati.

"Kamodzi kokha, amake Mariamu," anandikumbutsa akuliza injini. "Musakachite ngati nkhosa yachimfine."

"Inu muziyang'ana kutsogolo. Pakhosi panga ndipadziwa ndine."

Mu Burma Road munali mutadzaza kale njinga za anthu opita kuntchito. Mayi wina anatikwezera dzanja, koma tinamupitirira, ngakhale kuti masheleni awiri a ulendo wa m'tauni Che Bwanali sankawasiya pamsewu mwachisawawa. Mayiyo anayenera kudikira basi yotsika mtengo, yolipira sikisipensi. Tisanadutse njanji ndinatsokomola katatu: kamodzi chifukwa cha munthu wa makala, kamodzi ngolo ya nkhuni, kamodzi mbuzi imene inkaoneka kuti yatopa ndi moyo. Zonse zinayenda bwino, ndipo mtima wanga unayamba kukhala pansi. Mu Cairo Road anthu akuda anali atandanda kale pa kazenera ka m'mbali mwa butchala, pakuti pakhomo la kutsogolo pankalowa azungu okha. Tinaima pakona n'kugula zitumbuwa za tiki, kandalama ka mapeni atatu, tinadyera m'galimoto momwemo, iwo akundiyang'anitsitsa ndi diso labwinolo kuti ndisadonthetse mafuta pampando.

Itakwana eyiti koloko tinali pabwalo la khonsolo. Matakisi anali atafola pansi pa mtengo, eni ake atavala majekete pa kutentha konse kuja. Mnzawo wina wa amuna anga, ba Lungu, atandiona anaseka.

"Ba Bwanali, lelo mwabwela na kapokola wanu?"

"Wapolisi ine? Ndabwera kudzaona ngati zoona amagwira ntchito," ndinayankha, "kapena amangokhala pansi pa mtengo n'kumamvetsera mabodza anu."

Woyesa anali mzungu wamtali, wowonda, amene madalaivala anamupatsa dzina lakuti Bwana Pensulo chifukwa pensulo sinkachoka pakamwa pake. Ankayenda ndi kalaliki womasulira, ba Tembo, bambo wofatsa wa ku Fort Jameson. Nthawi yathu inafika cha m'ma teni. Bwana Pensulo anaponda matayala onse anayi, analiza hutala, anayatsa nyali, n'kugwedeza mutu. Kenako Che Bwanali ananditsegulira chitseko atawerama pang'ono. Zaka makumi awiri za banja, tsiku limenelo ndi limene ndinatseguliridwa chitseko koyamba, ndipo ndinalowa pang'onopang'ono kuti ndikumve kukoma. Mzungu anakhala kutsogolo, ba Tembo kumbuyo pafupi ndi ine.

Tinakwera mtunda wa ku Ridgeway, kumene kuli maofesi a boma. Mitengo ya jakaranda inali itathothola maluwa ake, msewu wonse utafiirira ngati wina wayala nsalu. Amuna anga ankayendetsa mwaulemu, dzanja kunja pokhota, osathamanga. Kunena zoona, anali dalaivala weniweni, ndipo ndinawanyadira. Ndinatsokomola kawiri, mofatsa, ngati mayi wodzisunga.

Tsoka silinunkha. Ku Woodlands tala anathera penapake, ndipo patsogolo pathu panali lole ya mchenga. Fumbi lake linalowa pazenera n'kundigwira pakhosi, ndipo ndinatsokomola chenicheni, osati kamodzi koma kambirimbiri, misozi ili mbwee. Che Bwanali anaganiza kuti kumanzere kwadzaza mudzi wonse. Anaponda mabuleki, galimoto inaima njii, ndipo Bwana Pensulo anatsala pang'ono kupsompsona galasi. Pamsewu panalibe kanthu, ngakhale nkhuku.

"Bwana afunsa, mwaimilila chani?" anatero ba Tembo.

"Ndinaona ngati galu, bwana."

Mzungu anayang'ana uku ndi uku, galu osamuona. Kenako anatembenukira kwa ine, anatseka mphuno ndi mpango, n'kulankhula mwaukali. Masiku amenewo azungu ankaopa kwambiri chifuwa chachikulu.

"Amai," anatero ba Tembo mwamanyazi, "bwana akuti mwakosomola maningi. Akuti mukakosomola futi muzaseluka pamene apo, muyende na mendo."

Ndinangoti, "Ndamva, bambo." Koma vuto ndinaliona. Akanditsitsa, amuna anga atsala ndi diso limodzi ulendo wonse.

Cha m'ma leveni tinalowa m'Kabulonga. Kwa amene simunafikeko: nyumba imodzi kumeneko ili ndi bwalo loti mungamangepo Kabwata theka, udzu wobiriwira m'chilimwe, ndi agalu onenepa kuposa ana athu. Misewu yake inali zii, anthu ake ali m'kati mwa mipanda. Ndinathokoza Mulungu kuti kulibe chotsokomolera.

Kenako ndinamuona. Kutsogolo, chakumanzere, mayi wina ankayenda m'mphepete mwa tala, beseni la matimati pamutu, mwana kumsana. Anali mmodzi wa amayi aja ogulitsa ndiwo pamakomo a kuseri a nyumba za azungu. Galimoto yathu inkasendera kumbali kwakeko pang'onopang'ono. Nthawi yomweyo pensulo ya mzungu inagwera pansi pa mpando, iye n'kuwerama kuifunafuna.

Chifuwa chinafika pakhosi, ndipo ndinachimeza. Ndinene poyera, pakuti palibenso wondimanga: ndinaona, ndinadziwa, koma ndinaganiza za baji ndi za nyumba. Ndinadziuza kuti msewu ndi waukulu, amuona. Ndinadziuza kuti ndidikire pang'ono pokha. Pamene ndinkatsegula pakamwa, tinali titamufika kale. Mayiyo anacheuka, anadumphira m'ngalande, beseni uko. Kaphazi ka mwana kanadutsa pazenera langa pafupi kwambiri, moti ndinaona ulusi wakuda umene anakamanga pakakolo. Che Bwanali sanatembenuze n'komwe mutu. Mzungu anadzuka ndi pensulo yake, n'kulemba kanthu papepala mosangalala. Nditayang'ana kumbali, ndinapeza ba Tembo akundiyang'ana.

Tinabwerera ku khonsolo dzuwa lili pamutu. Bwana Pensulo anati dalaivalayu ndi wosamala, amaimira ngakhale agalu osaoneka, ndipo anaseka yekha. Anasaina, ndipo baji yatsopano inaperekedwa. Ba Lungu ndi anzawo anawomba m'manja. Ine ndinaima pambali. Ba Tembo anabwera ngati akudutsa, mapepala m'khwapa, n'kuima pafupi nane.

"Amai, ine nchito yanga ni kumasulila chabe, sinikamba vamene sananifunse," anatero motsitsa mawu. "Koma nili na bana batatu. Bonse bayenda na mendo mu njila zamene izi."

Anapita osadikira yankho. Kukanakhala bwino akanandinyoza.

Titakwera m'galimoto, amuna anga anali akuimba chapansipansi, baji ikuwala pachifuwa.

"Mwagwira ntchito lero, amake Mariamu. Tipite kumsika mukasankhe nsalu."

"Bambo a Mariamu, mayi uja wavulala kapena ayi, sitikudziwa."

"Mayi uti?"

"Wa matimati, ku Kabulonga. Wa mwana kumsana."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Ndinkayembekezera kuti akwiya, kapena anena kuti mayiyo ndiye anali wolakwa. Koma pankhope pawo panalibe chilichonse, chifukwa sankadziwa chimene ndinkanena. Pamenepo m'pamene ndinachita mantha enieni.

"Kunalibe munthu ku Kabulonga," anatero.

"Tiyeni mukaone."

Ulendo wachiwiriwu ndinakhala kutsogolo, ndipo sindinavutike ndi kutsokomola. Ndinkangotchula poyera: njinga, ana a sukulu, ngalande, bambo wa nkhuni. Poyamba ankayankha kuti amuona kale. Titadutsa Woodlands anasiya kuyankha.

Tinamupeza pansi pa mtengo, pafupi ndi pamalo paja. Ankasankha matimati amene anatsala, bondo litasupuka, mwana akuyamwa ngati palibe chimene chachitika. Pa tala panali pofiira ndi matimati ophwanyika, ndipo mkukuluzi wa tayala lathu unkaoneka bwinobwino m'fumbi, kunja kwa msewu. Che Bwanali anaima pamenepo, mutu utapendekera mbali ya diso labwino. Mayiyo anaizindikira galimoto.

"Ndimwe!" anakuwa. "Munaniona bwino-bwino. Koma pakuti mwanyamula muzungu, ise ndise nkuku chabe, ai?"

"Mayi, pepani. Sindinakuoneni."

"Boza! Zuba yonse iyi?"

Amuna anga anali munthu wonyada, woti ngakhale ana ake sanawauze za disolo. Koma anavula kofia, anagwada pafumbi patsogolo pa mayi wosamudziwa, n'kukweza chikope ndi chala kuti aone yekha. Mayiyo anasuzumira, ndipo ukali wonse unatha. Anamukumbatira mwana wake mwamphamvu.

"Mayo ine," anatero chapansipansi. "Na diso iyi muyendesa motoka? Nanga mawa muzapeza ndani pa njila?"

Tinamulipira matimati ake, ndipo ine ndinamumanga bondo ndi mpango wanga. Anakana kukwera kuti timuperekeze, ndipo sindikanamunena. Anasenza beseni lake n'kumapita, akucheukacheuka.

Che Bwanali anakankhira galimoto pamthunzi, anatseka mazenera onse, anakhoma zitseko. Kenako anatenga dzanja langa, anaikamo makiyi, n'kulifumbatitsa.

"Muwapatse ba Lungu, akaitenge madzulo. Ine musadzandipatsenso, ngakhale nditakupemphani."

Tinayenda wapansi kuchokera ku Kabulonga mpaka ku Kabwata, dzuwa lili phwee, iwo m'jekete yawo ya mayeso. Ku Woodlands bambo wina wosamalira maluwa anatimwetsa madzi pa paipi, n'kutifunsa ngati tikufuna ntchito. Amuna anga anati mwina adzabwera. Magalimoto ankatipitirira, ndipo iliyonse ikamayandikira iwo ankandikokera kutali ndi tala, kutali kopitirira muyeso. Zaka zonse zija anali asanayendepo m'mbali mwa msewu ngati munthu wamba.

Tinafika pakhomo nthawi ya swala, pemphero lathu la masana, itapita kale, mapazi atatupa. Ana anathamanga kudzatichingamira, ndipo ataona baji anayamba kulumphalumpha. Mariamu yekha, amene anali wamkulu, ndiye anayang'ana kumsewu n'kufunsa kumene kuli galimoto. Bambo ake anavula bajiyo, anaiika m'thumba, n'kupempha madzi osamba. M'mawa mwake anakaibweza okha ku khonsolo.

Nyumba ija tinatulukamo mvula isanagwe, ndipo tinakamanga yathu ya zidina kukomboni, kumene denga linkadontha malo asanu. Ndinalira, sindikana. Anthu ankati amuna anga ndi olimba mtima, ndipo n'zoona. Koma iwo mayi uja sanamuone, ndiye analibe choti asankhe. Amene ndinamuona ndine, ndi maso awiri abwinobwino, ndipo ndinakhala chete.