Nyimbo za azakhali zatsika kudenga

Loweruka lapitali, pakati pa mwezi uno wa Okutobala, ndinali pakhonde ndikuswa mtedza wa mbewu. Ndimakhala kwa azakhali anga, aNachisale, kufupi ndi Nambuma, chifukwa kwathu n'kutali ndi sukulu. Tsiku limenelo anali ataitana bambo wina kuti adzasasule udzu wakale ndi kufolera nyumba mvula isanayambe.

Bamboyo asanakwere, azakhali analowa m'nyumba, anaponda pampando, n'kusolola jumbo ya shuga yomwe anaitsomeka kudenga kalekale.

M'jumbomo munali nyimbo. Azakhali ndiwo amatsogolera kwaya ya amayi kumpingo kwathu. Nyimbo zina anapeka okha, zina analemba pomvera anzawo kumisonkhano. Zonse analemba ndi pensulo, poti amati bolopeni ikanyowa imayenderera koma pensulo imapirira. Chomwe sanachiganizire ndi utsi. Mapepala anali atafiira ngati fodya wa m'chigafa, zilembo zitazimiririka.

Anatenga pepala limodzi. Analiyandikiza kumaso, analitalikitsa, analitembenuzira kudzuwa. Kenaka analibwezera pamiyendo.

"Basi," anatero. "Lachinayi ndikawauza amayi asankhe wina. Maso atha, mapepala nawo atha. Wotsogolera wanji woyamba ndime yachitatu yachiwiri isanaimbidwe?"

Zimenezo zinachitikadi pamaliro ena mwezi watha. Amayi a kwaya anangowatsatira, koma azakhali pobwera sanadye.

Ine ndimasowa chonena nthawi zambiri. Ndinangopitiriza kuswa mtedza, maso ali pansi.

Mwana wawo Tiyanjane, msuweni wanga, amaphunzitsa kupulayimale cha ku Kasiya ndipo anali atabwera kudzacheza. Anasiya zochapa, n'kupukuta manja pachitenje.

"Amayi, tandipatsani kuno. Iwe mlembi wamkulu, siya mtedzawo, kasambe m'manja." Amanditchula choncho chifukwa tsiku silipita osalemba kanthu m'kabuku kanga.

"Ufuna uziike m'foni momwe mumaoneramo zovina zija?" anafunsa azakhali.

"Baibulonso lili momwemo, amayi. Sizinamenyanepo."

Tinayala chitenje chakuda pamphasa, pamthunzi wa mango. Tiyanjane anati pepala likakhala pa chinthu chakuda, foni siivutika kuona pomwe lathera. Anatsegula kapulogalamu kosikanira, kapena kuti kojambulira, mapepala komwe amasungira zophunzitsa zake. Ine ntchito yanga inali kuwongola pepala mosamala ndi kulipsinja ndi timiyala kuti mphepo isaliulutse.

Ndikuuzeni zomwe ndinaona, mwina ena simunazionepo monga ine. Foni itayang'ana pepala, inapeza yokha ngodya zonse zinayi n'kuzizinga ndi kamzere. Pepala lokhota linaongoka. Tiyanjane anadina penapake, kufiira konse kunachoka, ndipo zilembo za pensulo zija zinada bii ngati zalembedwa m'mawa womwewo. Kenaka anaika zala ziwiri pagalasi n'kuzitambasula. Mawu anakula.

"Tawerengani, amayi."

Azakhali anagwira foni ndi manja awiri, monga amagwirira mbale popatsa mlendo. Milomo inayamba kugwedera. Anawerenga mzere woyamba, wachiwiri, kenaka sankawerenganso, ankaimba chapansipansi. Bambo wofolera uja, ali padenga, analowetsa besi.

"Inu foleranitu," anatero Tiyanjane. "Kwayayi ndi ya amayi."

Kuyambira tsikulo ndakhala ndikuyang'ana madenga a anthu. Kodi ndi nyumba zingati kuno kwathu zomwe zilibe jumbo yotsomeka kudenga kapena pamwamba pa khoma? Mumakhala buku la kuchipatala la mwana, satifiketi ya sukulu, kadi ya ubatizo, pepala la munda. Sindikunena kuti makolo athu analakwa. Pansi pali mbuzi, pali ana, palinso amalume ofuna kapepala kopichirira fodya. Pepala likangooneka ngati lilibe mwini, mawa mukalipeza litakulunga mandasi. Kudenga n'komwe manja ambiri safikako.

Koma chiswe chimafikako. Mvula imayambira komweko, moto nawonso.

Pepala limodzi la azakhali tinalipeza chiswe chitadya theka lonse la m'munsi. Inali nyimbo yomwe anawaphunzitsa mnzawo wina amene anamwalira ine ndisanabadwe. Tiyanjane anasikana theka lotsalalo. Azakhali anayesa kukumbukira mawu enawo, anang'ung'udza, anayambiranso, osabwera. Foni imadetsa zomwe zazimiririka, koma siibweza zomwe zadyedwa. Tikanachita zimenezi chaka chatha, mwina nyimboyo ikanakhala yathunthu.

Ndanena zambiri zoyamikira foni, koma amene ndikumusirira kwambiri ndi Tiyanjane. Mafoni otere alipo angapo m'mudzi muno. Timajambula nawo nsapato zatsopano, maukwati, ngakhale mbale ya tchipisi. Ndani anaganizapo zojambula buku la kuchipatala la agogo ake? Tiyanjane anakhala pamphasa mpaka mthunzi unasuntha, ife n'kusuntha nawo. Pepala lililonse ankalipatsa dzina la nyimbo yake, kuti lisadzavute kupeza. Pomwe sipanaoneke bwino ankabwereza osadandaula. Amayi ake analekeza sukulu msanga ndipo kalembedwe kawo n'kokhota, koma iye, mphunzitsi, sanakonze chilembo n'chimodzi chomwe.

Ine ndinafunsa funso limodzi lokha, nalonso motsitsa mawu. "Nanga foniyi ikabedwa?"

"Mlembi wamkulu wayankhula," anatero. "Wafunsa bwino." Pomwepo anatumiza zonse ku imelo yake ndi ku foni ya mlembi wa kwaya. Lolemba m'mawa, asanabwerere ku Kasiya, anadzera pa shopu ina pa Nambuma n'kupulinta nyimbozo m'zilembo zikuluzikulu, chifukwa azakhali alibe foni yotere. Mapepala akale aja sanatayidwe. Azakhali anawabwezera m'jumbo, koma ulendo uno analowa m'sutikesi.

Lachinayi nditaweruka kusukulu ndinadzera kutchalitchi. Sindinalowe, ndinaima kuseri kwa zenera. Azakhali anali kutsogolo, pepala loyera m'dzanja lamanzere, lamanja likumenya mphepo. Ndime yachiwiri inabwera pamalo pake. Za kusankha wina sanazitchule, ndipo pobwerera kunyumba anandikalipira kuti ndaswa mtedza wochepa. Ndinakondwa kumva akukalipa.

Dzulo madzulo mitambo inachita mdima cha kumpoto, kafungo ka mvula kanamveka. Inu amene mukuwerenga, kudenga kwanu kuli chiyani? Munachitsegula liti komaliza?

Tiyanjane wabweranso lero, ndipo wandiphunzitsa kugwira foni osanjenjemera. Wati mawa andibwereka, koma kuyankhula ndiyankhule ndekha. Chibadwire sindinaimepo pamaso pa akuluakulu, ngakhale m'kalasi dzanja langa limalemera. Komabe mawa tikatuluka m'mapemphero, amayi asanabalalike, ndikagwada pafupi nawo n'kuwapempha kuti aliyense akatsitse jumbo yake, abwere nayo pansi pa mango. Mawu oti ndikanene ndawalemba kale. Chitenje chakuda ndachapa, chili pachingwe.