Nthumwi ya aPulofesa

APulofesa ankakhala okha m'nyumba ya zipinda zitatu, ziwiri zodzaza mabuku mpaka kudenga. Moyo wawo wonse anaphunzitsa za ubale wa mayiko payunivesite: momwe maufumu akale ankagawanira dziko, wamphamvu akagwa wina n'kudzuka, ndi momwe adani ankakhalira pansi nkhondo ikawatopetsa. Pakhoma la ofesi yawo panali mapu ofiirira ndi ukalamba, a mayiko amene anafafanizika kalekale. Kapu ya tiyi inali imodzi, yobenthuka pakamwa.

Anali ndi mwana mmodzi, wamkazi, namwino. Akazi awo atagonekedwa m'chipatala, aPulofesa anali kunja, kumsonkhano wa zamtendere. Anafika maliro ataikidwa kale. Chichokereni tsiku limenelo, mwanayo sanapondenso pakhomo pawo.

Nthawi yopuma pantchito itayandikira, mtima wawo unali pa chinthu chimodzi: mwana wawo adzakhale pampando wakutsogolo pa phunziro lawo lomaliza. Iwo ankaphunzitsa kuti mbali ziwiri zikayambana sizithamangira kuonana maso ndi maso, zimayamba zatuma nthumwi. Choncho anaitana mlongo wawo, wosoka zovala, n'kumuuza zokanena kwa mwanayo, mfundo ndi mfundo.

"Achimwene, ubale mumaphunzitsawo ndi wa anthu ngati ife tomwe?" anafunsa mlongoyo akuseka. "Foni ili m'thumba mwanumo."

"Chilichonse chili ndi ndondomeko yake, chemwali."

Mlongoyo anapita, n'kubwerako mawa lake. Anakhala pamulu wa mabuku poti mipando yonse inali ndi mapepala.

"Wati bwanji?"

"Wati, 'Azakhali, mukawauze kuti ine sindine dziko. Ndine mwana wawo. Miyendo ali nayo.'"

APulofesa anavula magalasi n'kumawapukuta.

Tsiku la phunziro lomalizalo holo inadzaza. Analankhula bwino za mafumu amene anapepesana atathetsana anthu, koma maso ankangobwerera pampando uja. Wina anali ataikapo chikwama. Anthu anaomba m'manja, n'kuwapatsa wotchi yapakhoma.

Sanapite kwawo. Wotchi ili kukhwapa, anakwera minibasi, n'kutsika pamsewu wafumbi umene ankangoudziwa m'mawu a mlongo wawo. Pachingwe cha panyumba ina panali yunifolomu yoyera ya namwino, ikudontha madzi. Pachitseko, munthu amene anadya ndi pakamwa moyo wake wonse anasowa poyambira.

"Odi," anatero chapansipansi, ngati mlendo wopempha madzi akumwa.

M'katimo wina anazimitsa wailesi. APulofesa anasinthira wotchi kukhwapa kwina, n'kudikira.