Mphini za Abambo

Pepala linali limodzi lokha. Ndinakaligula ku Chipata, lokhuthala lija lojambulira, ndipo pakabaza ndinalikumbatira pachifuwa ngati mwana wodwala. Loweruka la sabata imeneyo tinkadalitsa chiliza cha abambo kumudzi kwathu, kufupi ndi Ludzi, ndipo amayi anafuna kuti chithunzi chawo chikaime patsogolo pa anthu. Chithunzi chenicheni tinalibe, kupatula kankhope kotuwa ka pachitupa cha unzika. Koma chomwe chinandisowetsa mtendere sichinali mwambowo. Anali mawu a amayi: "Iwe, nkhope ya abambo ako yayamba kundithawa. Ndikatsinzina sindikuionanso. Undibwezere."

Undibwezere! Ngati kuti ndi mbuzi yosochera. Ine ndinazolowera kujambula mbalame ndi agwape, zinthu zoti ukazikhotetsa mphuno sizikudandaula.

Masiku onsewo sindinakhazikike. Ndikakhala pakhonde, dzuwa lasuntha. Ndikalowa m'nyumba, mdima. Ndipite kuchigafa cha fodya, fumbi. Ndinkasongola pensulo yosongoka kale, kutuluka, kubwerako, kusuzumira pepala, kutulukanso.

Amene sanajambulepo khungu lathu amayesa ungotola pensulo ya bulawuni n'kupaka. Ayi ndithu, ukatero utulutsa chidole cha dongo. Umayamba ndi chikasu, mopepuka, dzanja lisakanikize. Pamwamba pake yofiira pang'ono m'masaya, pepo pansi pa chibwano ndi m'mbali mwa mphuno, kenako bulawuni, kudutsa kambirimbiri mozungulirazungulira. Yakuda uisiye kutali, ntchito yake ndi m'maso basi. Pachipumi, pomwe pamagwa kuwala, umasiyapo poyera. Kumapeto kwenikweni m'pamene umakanikiza mwamphamvu kuti mitundu ilowerane n'kusalala. Ukatero watseka chitseko. Pepala lakhuta phula la mapensulo, sililandiranso mtundu wina, ndipo chofufutira chimangotererapo.

Lachinayi, ndisanakanikize, achemwali anga aakulu anaima kumbuyo kwanga. Abambo anali ndi mphini m'mbali mwa maso, timizere totema ndi lezala ta kwa asing'anga, ndipo ndinali nditazilemba kale mopepuka.

"Izo usaikemo," anatero achemwali. "Kubwera ansembe, kubwera akwaya. Ukufuna anthu azinong'onezana kuti banja lathu limayenda kwa asing'anga?"

Ndinapsa mtima, chifukwa sindikonda munthu wondiimira kumsana ndikamajambula. Koma ndinamvera, ndipo kunena zoona manyaziwo nanenso ndinali nawo. Ndinafufuta, kupaka, kukanikiza, mpaka nkhope inasalala ngati ya mnyamata wa pakalendala. Ndinanyadira, chitsiru ine.

Lachisanu m'mawa ndinawapeza amayi akuswa mtedza paseli pa nyumba. Anapukuta manja pachitenje, kuchiyandikitsa chithunzicho kumaso, kuchitalikitsa, kuchiyandikitsanso.

"Wajambula bwino," anatero. "Ndi bambo wa yani ameneyu?"

Ndinaloza papepalapo. "Amayi, si abambo awa? Taonani mphuno, taonani makutu."

"Mphuno ndi yawo. Nanga mphini zili kuti?"

Ndinayamba kufotokoza za ansembe ndi akwaya, koma anandidula pakamwa.

"Chaka chomwe unali m'mimba iwe, mutu wa ching'alang'ala unatsala pang'ono kuwatenga. Ndinawakankha panjinga ine, ndi mimbayo, mpaka kuwoloka malire kupita kwa asing'anga. Powatema mutu wawo unali pamiyendo panga, ndipo mankhwala ndinapaka ndine, ndi chala ichi. Zaka zonsezi ndikamawayang'ana ndinkayambira pamenepo. Wachotsapo, ndiye ndiyambire pati?"

Anandibwezera pepalalo n'kubwerera ku mtedza wawo.

Ndinathamangira kukhonde. Ndinayesa pensulo yakuda, inangoterera. Ndinayesa chofufutira, chinangowalitsa tsaya. Pepala lina ndinalibe, ndipo ngakhale ndikanakhala nalo, nkhope ya masiku anayi siyingatheke tsiku limodzi. Ndinazungulira nyumba kawiri ndikudzitukwana. Nkhuku inandidutsa m'miyendo, ndinaigenda yosalakwa. Ndinafuna kungoling'amba pepalalo kuti nkhani ithe.

Ndikubwerera pamkeka ndinaona lezala lomwe ndimasongolera mapensulo. Ojambula timadziwa kuti ukapala phula ndi nsonga ya lezala, pepala limatsegukanso n'kulandira mtundu. Ndimatero poika ndevu zoyera za nyama. Koma dzanja likangolemera pang'ono, waboola. Ndipo nditaligwira lezalalo ndinazindikira chinthu chochititsa manyazi: mphini za abambo anga, zomwe ndinakula ndikuziona, sindinkadziwa kuti zinali zingati. Ndinali nditangoyerekeza poyamba paja.

Ndinabwerera kuseli kuja, pepala lili pathabwa, lezala lili kumanja.

"Amayi, zinali zingati?"

Anandiyang'ana, kuyang'ana lezala, n'kukankhira lichero pambali. "Zitatu uku, ziwiri uko. Bweretsa kuno."

Anatambasula miyendo n'kuika thabwalo pamiyendo pawo. Ine ndinagwada. Analoza ndi chikhadabo pambali pa diso lamanja, ine n'kuikapo nsonga. Achemwali anatulukira ndi ndowa pamutu, anatsegula pakamwa, koma ataona nkhope ya amayi anangotula ndowayo n'kuima chilili.

"Pang'onopang'ono iwe," anatero amayi. "Amaopa lezala abambo ako."

Ndinatema koyamba, phula linachoka ngati kankhanambo. Kachiwiri. Kachitatu. Tinatembenukira kumanzere. Nditamaliza ndinapala nsonga za pensulo ya pepo ndi yakuda, fumbi lake n'kugwera pamizere yoyerayo. Ndinkati nditikite ndekha, koma amayi anandichotsa dzanja. Anaikapo chala chawo chachikulu n'kuyamba kupaka mofatsa, mzere umodziumodzi, mpaka yonse isanu inada.

Apo sankayankhulanso ndi ine.

"Pepani inu," anatero chapansipansi, chala chili patsaya la abambo. "Zatha. Limbani mtima, zatha."